Dzanja Ili la Ndodo, Ili la Chikwama

M'mawa wa Lachisanu ku Chinamwali, a Nickson anakhala pabedi, kachikwama pamiyendo, ndodo yawo yoyera pambali. Chiyambire pamene shuga anawalanda maso zaka zinayi zapitazo anali asanakwerepo basi okha, koma tsikuli analumbira kuti ku Mzuzu, kwa mwana wawo Rejoice, akafika okha kukanyamula mdzukulu wawo woyamba, anthu aleke kuwayendetsa ngati katundu.

"Mayi a Rejoice, mundimvetse," anatero akukweza manja. "Dzanja ili ndi la ndodo, ili ndi la chikwama. Lachitatu ndilibe. Ndiye lamulo ndi limodzi: chimene sindingachizindikire ndi dzanja langa, chisalowe muno."

A Magret, akazi awo, ndi munthu woti ukawauza kuti dikirani pompano, ukawapeza pompo ngakhale mvula itagwa.

"Ndiye chimene mwachizindikira chilowe?"

"Basi. Mwamva bwino."

"Ichi n'chiyani?"

"Malaya oyera. Pini imodzi pakolala."

"Nanga awa?"

"Abuluu, mapini awiri. Musandiyese ngati mwana wa sitandade wani."

Mswachi unalowa, mankhwala a shuga analowa, chaja ya foni inalowa. A Nickson anayamba kumwetulira. Kenaka m'manja mwawo munatera chinthu chozizira, cholemera.

"Ichi?"

"Aa, dzungu! La kumunda kwa achimwene anu. Apa ndi pamene linakumana ndi khasu."

"Eee, manja amenewa!" anatero a Magret. Kunamveka kuti phi!

"Chagwacho n'chiyani?"

"Dzungu. Lalowa."

"Lalowa kuti? M'kachikwama kanga simungakwane dzungu."

"Kajaka kanadzaza, ndiye ndakaika m'chikwama chachikulu chija timanyamulira mabulangete. Musadandaule, chikadali chimodzi."

"Ine sindinanene kuti dzungu lipite!"

"Mwalizindikira kapena simunalizindikire?"

Apa ndiye panali pa chilonda. A Nickson mawu akuti sindikudziwa amawapweteka kuposa dzino. Anangotambasulanso manja.

"Ichi?"

"Mpunga wa ku Chilwa. Fungo lokha likunena."

Phi!

"Izi?"

"Mbatata za kuphiri, dothi likadali pomwepo. Koma mayi a Rejoice..."

Phi!

"Ichi ndiye simuchitha."

"Ndani sachitha? Bweretsani kuno. Mbaula iyi, ya chigwiriro chopindika."

Ngwe!

"Mayo! Mbaula ikukatani ku Mzuzu?"

"Kaya. Mwaizindikira ndinu. Komanso kumazizira uko, mwana ndi wakhanda."

"Mukuganiza kuti Mzuzu yense alibe mbaula?"

"Ine sindinafikeko. Ndikungotsata lamulo lanu."

A Nickson anapukuta thukuta. Mumtima anapangana nawo okha kuti chobwera chilichonse, kaya ndi mphuno yawo yomwe, achikana. Anamva akazi awo akutuluka, kuseri kwa nyumba kukumveka chipwirikiti, kenaka china chake chofunda chinakhala pamiyendo pawo chikupuma mofulumira.

"Ichi?"

"Sindikuchidziwa."

"Papasani bwino."

"Ndapapasa. Mwina ndi pilo."

Piloyo inakupiza mapiko n'kulira kuti kokoliliko, mpaka galu wa a Zuleka oyandikana nawo anayankha.

"Ndiye kuti manja ayamba kuiwala," anatero a Magret mwachisoni chenicheni. "Ndimuimbire Rejoice. Paja ananena kuti mukayamba kusokoneza zinthu, musayende nokha."

"Siyani foniyo! Uyu ndi tambala uja wothyoka chala, amene amandijompha ndikakhala pakhonde! Ndingamuiwale satana ameneyu?"

"Zikomo. Ndimumanga miyendo."

Panja belu la kabaza wowapititsa kokwerera basi linalira kawiri. A Nickson anaimirira, ndodo kudzanja lamanja, lamanzere pa chikwama. Anakoka. Chikwama chinangoti zii ngati chamera mizu. Anakokanso, msana unati kwa! Anakhala pansi, ndipo ukali wonse unawathera. Chinawagwira ndi chisoni.

"Mayi a Rejoice, ndakuonani ngakhale ndilibe maso. Mukufuna chindikanike kuti mundiperekeze."

"Ine ndangochita zimene mwanena."

"Zaka zinayi ndakhala ndikugwira chigongono chanu. Ndikufuna mdzukulu wanga akadzakula adzamve kuti agogo anabwera okha. Ndi chachikulu chimenecho?"

A Magret anatsegula chikwama chachikulu chija. Anayamba kutulutsa: mbaula, mbatata, mpunga, dzungu. Kachikwama kaja anakabwezera pamiyendo pa amuna awo, kopepuka ngati poyamba.

"Chatsala chimodzi," anatero ndi mawu otsika. "Ichi?"

M'dzanja la a Nickson munalowa dzanja lina, lokhakhala ndi sopo wochapira, la chipsera cha mpeni pachala chachikulu. Msampha wake unali woonekeratu. Akati akulidziwa, lilowa nawo m'basi. Akati sakulidziwa, zaka makumi atatu za banja azifotokoza bwanji?

Analigwira nthawi yaitali, belu la kabaza likulira panja.

"Ili ndikulidziwa kuposa langa lomwe," anatero. "N'chifukwa chake likutsala. Munthu sanyamula chinthu chimene akufuna kudzachipeza pobwera."

A Magret anafwenthera m'chitenje. Anawakonza kolala, nawapatsa ndodo, n'kuwatsegulira chitseko osawagwira chigongono. A Nickson anatsika masitepe atatu a pakhonde okha, mutu uli m'mwamba, n'kukhala pa kabaza ngati bwana.

Ndi pamene anamva chinthu chofunda chikuikidwa pamiyendo pawo.

"Mayi a Rejoice! Ichinso n'chiyani?"

"Mukundifunsa ine? Mwati chofuna kudzachipeza pobwera chitsale. Nanga satanayu mukufuna kudzamupeza?"