Thanki Logona Cham'mbali

Mvula inali itakanika pachilumba cha Betio. Pamzere wodikira galimoto ya madzi, mayi wina dzina lake Nei Rakera anatembenukira bambo ena amagalasi amene anali kumbuyo kwake n'kuwaonetsa foni.

"Pepani bambo, masamu mumawatha? Thanki lathu ndi lobulungira, logona cham'mbali. Ndikufuna kudziwa ngati madzi otsalamo atifikitse Lamlungu."

"Ndinali mphunzitsi wa masamu, mayi. Mwafufuza pati?"

"Patsamba la pa intaneti lija amati limafotokoza chilichonse. Taonani! Tizizindikiro tokhatokha ngati mapazi a nkhanu pamchenga. Ukadina liwu lovuta, akukutumiza ku lina lovutitsitsa."

"Ndikulidziwa tsambalo, aliyense amatha kulembapo. Ine ndinalembapo chiganizo chosavuta, chonena za kupisa ndodo m'thanki. Mmene kumacha anali atachifufuta, ati sichikumveka chaukatswiri."

"Ndiye amalembera ndani?"

"Anthu amene kwawo madzi amangotuluka pampopi."

"Nanga ine nditani? Kunyumba kuli ana."

"Kaligogodeni thankilo ndi chala, mumve pamene madzi alekezera."

"Ndagogoda kale m'mawa uno, bambo. Likulira ngati ng'oma. Ndimangoti mwina masamu anena zina."