Jekete Yong'ambika Paphewa

Pa siteji ya basi panakhala namwino wina, maso ali pafoni, akusewera gemu. Pulambala wina, wokonza mipope, amene anaima pambali pake anasuzumira, ndipo pakamwa panamuyabwa.

"Pepani achemwali, jekete imene wavala msilikali wanuyo si ija yachikopa cha chinjoka chamapiko?"

"Ndi yomweyo."

"Abale inu! Ine gemu imeneyi ndasewera zaka zitatu, koma sindinaigwirepo. Amati woivala moto sumuwotcha, muvi umangoterereka. Chinjokachonso anachichotsamo, chikopa chake sichipezekanso. Mutaiika pamsika wa m'gemumo, golide wake mungagulire linga lonse ndi akavalo omwe!"

"Ambiri andinyengerera kale. Sindigulitsa."

"Chabwino, koma yang'ambika paphewa. Pitani nayo kwa wosoka, apo ayi adani akulasani pomwepo."

"Andilasa kale kasanu, achimwene. Zaka zitatu zonsezo simudziwa kuti jekete ikasokedwanso, dzina la amene anaisoka poyamba limafufutika?"

"Nanga dzina limatchinga muvi?"

"Tawerengani pakolalapa."

"Palembedwa kuti Kanyimbi. Ndaninso ameneyu?"

"Mlongo wanga. Anatha miyezi inayi akusaka chinjokacho ali gone m'chipatala, foni ili pachifuwa. Atasoka jeketeyi ananditumizira Lachiwiri, Loweruka tinamuika m'manda."

"Pepani kwambiri, sindimadziwa. Ndiye ingoisungani m'bokosi kuti isathe."

"Ayi, sanasokere bokosi ameneuja. Anati ndikafike nayo pamwamba pa phiri lomaliza, pomwe iye sanafike. Ndipo ndikafika, ngakhale itatsala kolala yokha."