Batire Latsopano M'galimoto ya Bambo

Ine, amene anthu amanditchula kuti Mai Zipi, wa zaka 46, wokhala m'nyumba yomaliza kuseri kwa malo omwetsera mafuta, telala, ndikunena izi kupolisi:

Ndimakhala ndi bambo anga ondibereka, a zaka 81, amene kale ankayendetsa mabasi. M'maso mwawo muli ng'ala, ndipo anayamba kuiwalaiwala. Tsiku lina amandiitana dzina la mng'ono wanga, tsiku lina amandifunsa ngati ndakhoza mayeso.

Ali ndi galimoto yakalekale yobiriwira, ya mabampala achitsulo, imene anagula ine ndisanabadwe. Imangokhala m'galaja. Batire lake linafa chaka chatha, ndipo ana tonse tinagwirizana kuti lisasinthidwe. M'mawa uliwonse bambo amaipukuta, n'kukhala pachiwongolero, n'kupotokola kiyi. Ikakana kulira amatsika kukamwa tiyi, ife mtima uli m'malo.

Lachitatu kunabwera mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, amene timamutcha Achangu chifukwa amayamba wachita kenako n'kuganiza. Anati akufuna galimotoyo ikanyamule akwati pa ukwati wa mchemwali wake Loweruka likubwerali. Ndinakana. Anandiyankha kuti, "Alamu, galimoto si yanu." Anakweza mawu dala kuti bambo amve, ndipo anamvadi.

Lachinayi m'mawa ndili pa makina, mayi oyandikana nafe nyumba anandiimbira kuti Achangu atenga bambo kupita nawo kogulitsa mabatire. Ndinasiya diresi ya kasitomala ili ndi mkono umodzi n'kuwalondola. Ndinawapeza pa kauntala, patsogolo pawo pali mabatire atatu.

Achangu ankafuna lalikulu. Bambo analisisita ndi dzanja, chifukwa zolembedwa sakanaziona, n'kunena kuti, "Ili ndi lalitali, likhudza boneti, tipsa." Batire lachiwiri analikana kuti mitu yake inatembenuka, waya safika. Kenako anafunsa wogulitsa kuti, "Mwana wanga, galimoto yangayi siyendayenda. Ndi liti limasunga moto ngakhale litakhala miyezi?" Wogulitsa analoza lachitatu, losathira madzi. Bambo anati, "Lomwelo."

Achangu anandiyang'ana akuseka. Anati, "Awa ndi amene mumati mutu sukuyenda?" Ndinamukokera pambali n'kumuuza kuti za galimoto amakumbuka zonse, koma njira yobwerera kunyumba ndi imene inawatayika. Analumbira kuti akangoiyesa amasula waya wa batire, ndipo kiyi apita naye kwawo.

Masana omwewo anamanga batirelo. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Bambo anaomba m'manja. Achangu anaiyendetsa mpaka pomwetsera mafuta, anadzaza thanki kukonzekera ukwati, n'kuibweza m'galaja. Kiyi anatengadi. Nditamufunsa za waya anati, "Ndamasula, alamu, musandiyese mwana." Boneti yake ndi yolemera, ine sinditha kuitsegula ndekha. Ndinamukhulupirira.

Lero Lachisanu ndinachoka m'ma 2 koloko masana kukapereka diresi ija. Bambo ndinawasiya akugona pampando. Ndinakhoma geti ndi loko. Nditabwerako cha m'ma 4 ndinapeza geti lili pululu, loko atamumenya ndi hamala. M'galaja munalibe galimoto. Pansi panali kawaya kadzimbiri kopindika. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti tili ana, bambo ankamangirira kiyi wapadera kunsi kwa bampala.

Ndinaimbira Achangu. Anati, "Ndimati ndimasula mawa ukwati ukatha." Zimene ndinamuyankha musalembe.

Mayi oyandikana nafe aja akuti anawaona akutuluka atavala jekete ndi tayi. Atawafunsa kumene akupita, bambo anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Ndikukatenga mayi a ana, aweruka posachedwa." Anakhotera kumanja, kolowera msewu waukulu wa malole.

Mayi anga ankagwira ntchito ku fakitale ya nsapato. Anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Fakitaleyo anaigumula, pamalopo pano pamadutsa msewu. Ndapitako pa njinga yamoto, ndafunsa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Mmodzi akuti anaona galimoto yobiriwira itazungulira kawiri, kenako n'kupitirira.

Ndili ndi mantha, bwana. Kunja kukuyamba kuda, ndipo dzuwa likalowa bambo saona ngakhale chitseko cha kuchipinda kwawo. Batire lakale lija likanawaimitsa m'galaja momwemo. Ili analisankha bwino, ndipo thanki ndi yodzaza.

Mukawapeza musawakalipire, ndipo musawauze kuti mayi anamwalira, amalira ngati akumva koyamba. Mungowauza kuti mayi afika kale kunyumba, akuwadikira. Magalasi awo ndi awa, anawaiwala pamwamba pa batire lakufa lija.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi.

Wopereka umboni: ____________________