Bateriya m'bulangete

M'mawa wina wa Juni, pokwerera minibasi zotchedwa chapa ku Mandimba, bambo wina anali atafungatira chinthu chokulunga m'bulangete. Mayi wogulitsa nsomba anawafunsa.

"Bambo, mwanayu akudwala chiyani?"

"Ndi bateriya, mayi. Galimoto imene anandisiyira malume ikukana kulira kukazizira. Bateriyayi ndimagona nayo m'nyumba kuti ifunde, koma sizikuthandiza. Ndikukagula ina ku Cuamba."

"Galimotoyo ndi ya dizilo?"

"Eya."

"Mukapotokola kiyi, mumadikira kanyali kachikasu kaja kuti kazime musanalize? Kakayaka ndiye kuti injini ikutenthedwa. Amuna anga amawerenga mpaka khumi."

"Kodi kameneko n'kodikira? Ine ndimangopotokola kamodzin'kamodzi."

"Bwererani mukayese kaye."

"Alhamdulillah. Bulangetili libwerere kwa akazi anga. Sabata yonseyi akhala akufunda chitenje."