Nkhuku Yakuda pa Siteji ya Katete

Pa siteji ya Katete, mayi wina atafungatira nkhuku yakuda anakhala pafupi ndi bambo wonenepa amene ankadikira minibasi.

"Yogulitsa imeneyo, amayi?"

"Ayi, ndi ya asing'anga ku Sinda. Mwana wanga Obvious akutha. Magazi anapimitsa, sanapeze kanthu. Anamulodza basi."

"Amadya?"

"Ndinkayesa amadya. Kwathu amuna amadyera mbale imodzi, ndiye ndani angadziwe amene wangonyowetsa zala? Dzana ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe akudzisanzitsa. Akuti wanenepa. Munthu nthiti zili pamtunda!"

"Amenewo ndi matenda, amayi, amayambira m'maganizo. Kuchipatala amawadziwa."

"Aja a atsikana achizungu? Ife akumudzi, odziwa njala ya Febuluwale? Mwamuna wandevu zake, wolima thonje?"

"Nanga ine ndikuoneka ngati mtsikana wachizungu?"

"Inu abambo? Ndi thupi lonseli?"

"Thupi lomweli. Ndinkadya mobisa mpaka mimba kupweteka, kenako kukasanza. Akazi anga ankanyadira kuti akundisamala bwino. Anadziwa tsiku limene ndinakomoka m'munda."

"Ndiye munachira?"

"Ndikuchira. Panopa ndikupita ku Chipata kukaonana ndi adokotala anga."

Kondakitala anakuwa kuti ya ku Sinda ikunyamuka.

"Yanu imeneyo, amayi."

"Isiyeni ipite. Adokotala anuwo amalandira anyamata ouma mutu?"

"Anandilandira ine."

"Nanga nkhukuyi ndichite nayo chiyani?"

"Kaphikeni, mukadye naye limodzi. Koma musakamuyang'ane pakamwa."