Buku la Mbuzi Lomwe Linandichotsa pa Chikamwini

Abale ndi alongo amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti ndinasowera kuti chaka chatha, poti ndinangoti zii. Ndinathamangitsidwa pamudzi pomwe ndinakwatira, ndinalekanitsidwa ndi mkazi wanga komanso mwana wanga, ndipo chomwe chinayambitsa zonsezi ndi buku la ana la zithunzi. Ena museka, ndikudziwa. Sekani, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndinakwatira ku Dowa, cha ku Dzoole, ndipo ndimakhala pa chikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, munda ndimalima ndine, koma dothi ndi la kuchikazi, ana nawonso ndi a kuchikazi. Sukulu ndinalekera Sitandade 5. Nthawi yathu buku tinkaliona m'manja mwa aphunzitsi basi, ena onse ankatsekeredwa mu ofesi kuopa kuti tingawadetse. Mpaka lero ndikamawerenga ndimachita kukoka liwu limodzilimodzi ngati ndikuzula chinangwa. Za mtima wanga sindibisa, ndi wapachala, ndipo aliyense amene anakula nane amadziwa.

Mwana wanga Tadala anali Sitandade 2. Aphunzitsi ake, mayi Nambewe, anali ndi bokosi la mabuku m'kalasi. Lachisanu mwana ankaloledwa kutenga limodzi kupita nalo kwawo, n'kukabweza Lolemba. Wobweza bwino ankatenga lina. Amene wamaliza mabuku a zithunzi ankapatsidwa okulirapo, ogawidwa m'mitu, okhala ndi nkhani imodzi yaitali yoti uwerenge sabata yathunthu. Tadala ankangolota za amenewo. Tsiku lina anabwera ndi buku la mbuzi yomwe inakwera matola n'kukasochera m'tauni. Tinakhala pakhonde, iye akuwerenga ine ndikuona zithunzi, ndipo ine wandevu ndinaseka mpaka misozi. Aka kanali koyamba kuti buku lamitundumitundu ligone m'nyumba yomwe ine ndikugona.

Mawa lake ndinali m'chigafa kusankha fodya. Kunyumba kunafika a Lufeyo, amalume a mkazi wanga Esinta. Iwowa ndiwo eni mbumba, ndipo kwa ine ndi apongozi oti ndikakumana nawo panjira ndimapatukira kutchire. Nditatuluka kukamwa madzi ndinawapeza pampando wanga, chingambwe chili pamwendo, buku la Tadala lili m'manja. Anali atang'amba masamba apakati kuti apichirire fodya wawo. Pansi panali tizidutswa ta mapepala, pena mutu wa mbuzi, pena tayala la galimoto. Tadala anali ataima pakona pa nyumba, dzanja lili pakamwa, osalira n'komwe.

Iwo sanandiyang'ane. Analankhula ngati akuuza mkazi wanga: "Iwe Esinta, mabuku a masiku ano ndi achabechabe. Pepala lake n'loterera, silikugwira moto. Ndayesa ili, ndayesa ili, onse chimodzimodzi."

Mwambo ndimaudziwa, musandiphunzitse. Mkamwini sayankha apongozi. Ndinayenera kunjuta chapatali, kudikira kuti apite, kuuza mkazi wanga, iye akauze amayi ake, nkhani ikafike kwa ankhoswe mwina mvula itagwa kale. Ine ndinapita pomwepo, n'kuwazula ndudu pakamwa, n'kuipondereza pansi. Kenaka ndinawatchula dzina, chinthu chomwe chilowereni pamudzipo ndinali ndisanachite. Ndinati, "Inu a Lufeyo, mbuzi ya m'bukuyi ikukuposani nzeru."

Mlandu unakambidwa dzuwa lisanalowe. Anasonkhana onse a kuchikazi, ndipo a Lufeyo anangoti, "Tinabwereka tambala kuti tipeze anapiye, osati kuti azitijompha." Anthu anavomera ndi mitu. Pa onse amene anakhala pamenepo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za buku. Panalibe amene anayang'ana mwana. Ananditulutsira bulangeti, khasu ndi njinga yanga. Fodya yense amene ndinamuthirira kuyambira ku nazale anatsala m'chigafa, ndipo anagulitsa ndi a Lufeyo.

Kwathu ku Ntchisi sindinakhalitse, chifukwa mwamuna wobwezedwa kuukwati amasanduka nkhani ya pachitsime. Ndinapeza kachipinda kufupi ndi ku Dzaleka n'kuyamba kabaza. Ndinkapalasa zitunda za ku Dowa zija ndi anthu ndi matumba a mbatata, ndipo pachitunda chilichonse ndinkatukwana a Lufeyo chamumtima.

Esinta anandipeza tsiku la msika. Anabwera mozemba, atanena kwawo kuti akukagula mchere. Anandipatsa jumbo, m'kati mwake muli chikuto cha buku lija ndi masamba ochepa otsala, n'kundiuza kuti Tadala anasiya sukulu. Palibe anamuthamangitsa. Lolemba lija anavala yunifolomu, anafika pamlatho, n'kubwerera. Ankati sangakaime pamaso pa aphunzitsi ndi buku long'ambika, ndipo anzake anali atayamba kale kumuitana kuti mwana wa chingambwe. A Lufeyo ataona mwana ali pakhomo anati zakhala bwino, azilera khanda la mlamu wanga.

Abale, kuthamangitsidwa ndinapirira. Fodya wanga ndinapirira. Koma kumva kuti mwana wanga akulekera Sitandade 2, pansi pa pomwe ine mbuli ndinalekera, ndinalephera kupirira. Ndinayenda m'masitolo a pa Mponela ndi pa boma kufunafuna buku lomwelo. Kulikonse ankandiuza kuti amenewo sagulitsidwa, amangoperekedwa m'masukulu. Mnyamata wina wa m'sitolo anandifunsa ngati ndikufuna kuyamba Sitandade 1, ndipo anthu ndi amene anandigwira kuti ndisamumenye.

Ndinena zoona, ndinaganizapo zokayatsa chigafa cha a Lufeyo. Njira yodzera kudimba ndinkaidziwa, ndipo udzu unali utauma. Lamulungu lina ndinalowa m'tchalitchi anthu atatuluka, maganizo amenewo ali m'mutu. Sindinapemphere mwaulemu ngati mmene anatiphunzitsira. Ndinati, Ambuye, wong'amba buku ali pakhonde akusuta, ine woteteza buku ndikugona pasimenti ya eni. Ngati chilungamo chanu ndi chimenechi, ndiuzeni ndidziwe. Za ine zisiyeni, koma mwanayu walakwa chiyani? Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali. Sindinamve liwu lililonse. Ndinatuluka ndili wokwiyabe, kungoti kudimba kuja sindinapite.

Sabata yomweyo ndinanyamula bambo wina wa ku Congo wokhala mu kampu ya anthu othawa kwawo ya ku Dzaleka, a Kasongo, amene amalemba zikwangwani za masitolo ndi malo ometera. Tili panjira tayala linaphwa. Potulutsa pampu m'chikwama, jumbo ija inagwa, poti ndinkayenda nayo kulikonse ngati mankhwala. Iwo anatola, n'kuyamba kuyang'ana masamba aja mmodzimmodzi.

"Achimwene, mbuzi iyi yathera pati?" anandifunsa.

"Inasutidwa," ndinayankha choncho.

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Ndinawafotokozera zonse ndikumata chubu. Kenaka anati pothawa kwawo ana awo ananyamula mabuku m'malo mwa zovala, ndipo mabuku onsewo ananyowa powoloka mtsinje. Anangoti, "Zithunzi ndikhoza kujambula. Koma nkhani yake akuidziwa ndani?"

Woidziwa analipo mmodzi. Tsiku la msika lotsatira Esinta anabwera ndi Tadala, atanamizira kuti akupita naye kuchipatala. Nditamuona mwana wanga ali ndi chipsera cha nsalu yoberekera paphewa, ndinayang'ana kumbali kuti asaone maso anga. A Kasongo anamukhazika patebulo lawo la penti, anadula mapepala olimba kukula kwake ngati masamba a buku lija, n'kumuuza kuti afotokoze. Poyamba ankangonong'ona. Koma bamboyo atajambula mbuzi yoyera, mwana anadzuka.

"Ayi, si choncho. Inali yamawangamawanga, ndiponso khutu limodzi linali lopindika."

"Pepani abwana," anatero a Kasongo, n'kufufuta.

Kuyambira pamenepo Tadala sanasiye kulankhula. Mbuzi inadya tomato wa mayi wa pamsika, inalowa mu banki, inathamangitsidwa ndi alonda, inabisala pansi pa lole ya chimanga yomwe inaibweza kumudzi. Zikafika pa mawu, a Kasongo ankati Chichewa cholemba sachikhulupirira m'manja mwawo, alembe mwini nkhani. Mwana ankalemba ndi pensulo pansi pa chithunzi chilichonse, iwo n'kumadutsamo ndi inki. Mizere ina inakhota, zilembo zina zinakula kuposa zinzake. Ntchitoyi inatenga misika ingapo, ndipo ulendo uliwonse Esinta ankapeka bodza latsopano. Pomaliza anasoka masamba atsopano pamodzi ndi akale ndi ulusi wosokera matumba. Nditafunsa za malipiro, a Kasongo anati ndizingowanyamula akakhala ndi chikwangwani cholemera.

Kusukulu ndinapita ndekha ndi mwana, ndikuzungulira njira kuti ndisadutse pamudzi. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, ndipo mayankho ndinali nawo kale pakamwa. Mayi Nambewe anatsegula buku lija, anaona tsamba lililonse osafulumira, kenaka anamufunsa Tadala kuti walemba ndani. Mwana analoza pachifuwa pake. Mayiwo anandiuza kuti mabuku ambiri amabwera ong'ambika, ena onyowa, ena odyedwa ndi mbewa, ndipo akanalilandira ngakhale chikuto chokha. Anati anatumiza uthenga kunyumba kangapo kuti mwana abwere, ndipo uthengawo unkafikira kwa eni mbumba. Apa ndinafuna kutukwana, koma dzanja la mwana linali m'dzanja langa, ndiye ndinangomeza.

Tsiku lomwelo anaimitsa Tadala kutsogolo kuti awerengere kalasi yonse, ine ndikusuzumira pawindo. Atamaliza, buku lija linalowa m'bokosi pamodzi ndi anzake. Ndinamva pambuyo pake kuti Lachisanu ana ankalimbirana lomwelo, ndipo linagona m'nyumba zambiri za pamudzi womwe unandithamangitsa. Ana omwe ankamunena Tadala aja ndi amene ankaliwerengera makolo awo.

Esinta ndi munthu wofatsa, moti chikwatiraneni sindinamumvepo akukweza mawu. Koma ataona zimenezi anapita kwa amalume ake masana, anthu akuona. Anawauza kuti mwana sasiyanso sukulu, ndipo ngati mwamuna wake sabwerera, iye atenga mwana n'kunditsatira ku Ntchisi, akakhale kuchimuna. A Lufeyo anaitanitsa ankhoswe.

Musaganize kuti anasintha mtima. Inali nyengo yofesa nazale, ndipo pamudzi ponse panalibe wina woti azidzuka m'mamawa kukathirira. Anandibweza chifukwa cha msana wanga, zimenezo ndikuzidziwa bwino. Pa mlanduwo wogwada ndinali ine. Wopereka nkhuku yopepesera ndinali ine. Iwo analandira nkhuku ija, anaiyeza kulemera ndi dzanja, n'kunena kuti ndi yowonda. Mpaka lero sanatchulepo liwu limodzi la buku, ndipo za fodya wanga wa chaka chija palibe amene amazikamba. Ndikakumana nawo ndimapatukabe, koma ndimapatuka mano ali gwa. Abambo mfumu anandiuza kuti kukhululuka ndi ulendo. Ngati ndi ulendo, ine ndikadali pachitunda choyamba, ndikukankha njinga.

Komabe ndabwera kudzathokoza. Ndinapempha Mulungu kuti aone mwana, ndipo anamuona. Sanatumize munthu wa kwathu, sanatumize wachibale kapena wa mumpingo mwanga. Anatumiza mlendo amene alibe ngakhale munda m'dziko muno, ndipo anaphwetsa tayala langa kuti tiime pamalo amodzi. Ndikuthokoza a Kasongo, ndikuthokoza mayi Nambewe, ndikuthokoza mkazi wanga amene ananama mabodza ambiri chifukwa cha mwana wathu, Ambuye amukhululukire.

Tadala tsopano ali Sitandade 3, ndipo mwezi watha anabwera ndi buku lake loyamba la mitu. Mulibe zithunzi zambiri, ndi mawu okhaokha. Amandiwerengera mutu umodzi ndikaweruka kumunda, ndipo akafika pokoma amatseka, n'kunena kuti zotsalazo mawa. Ndamupemphapo kuti awonjezere tsamba limodzi lokha, amakana.

Inu amene muli pa chikamwini ngati ine, inu amene mukulimira anthu osakuthokozani, inu amene mwana wanu wayamba kubwerera panjira ya kusukulu, musatope. Pempherani ngakhale muli okwiya, Mulungu saopa mkwiyo wa munthu wosauka. Musayatse chigafa cha munthu. Ndipo mwana akabwera ndi buku Lachisanu, musamufunse zambiri. Siyani khasu, sambani m'manja, mukhale pansi.