Mabuleki a Galimoto ya Bambo

Pa siteji ya Lirangwe, a Malizani anakhala atafungata chitsulo chobulungira ngati mbaula. Bambo wina wodikira minibasi anachiyang'anitsitsa.

"Achimwene, chimenecho n'chogulitsa?"

"Ayi, n'cha galimoto yakalekale ya bambo anga. Chimafewetsa mabuleki. Pano ukaponda, ngati waponda mwala."

"Mafuta a mabuleki alimo?"

"Odzadza. M'galimotomo tinasungamo chimanga, makoswe n'kudya payipi yochokera ku injini. Payipiyo ndasintha, koma ndikaponda chimangopuma mpweya. Mphira wam'kati anang'ambika."

"Kwa ogulitsa zitsulo za galimoto ku Ndirande mwafikako?"

"Andiseka. Akuti zotsala anazisandutsa mbaula kalekale. Anandilozera makaniko wa kuno, ndapeza anapita ku Joni."

"Osangoisiya bwanji, nkhuku zizigonamo?"

"Bambo asiya kudya, achimwene. Anatilumbiritsa kuti tsiku lawo likadzafika, bokosi lidzakwere galimoto yawo, osati lole yobwereka."

"Nanga injini ikulira?"

"Ngati yatsopano. Kunyamuka inyamuka." A Malizani anapukuta dzimbiri ndi chala. "Koma njira ya kumanda kwathu ku Chileka ndi yotsetsereka, ndipo kutsogolo kumakhala amayi onyamula nkhata."